Khadi la Zithunzi ndi Monita: Mlandu wa Mphamvu ndi Ufulu kwa Champiti

M'dziko la Inkosi Champiti, m'boma la Ntcheu, momwe makolo athu ankatha dzuwa lathunthu pabwalo akuweruza milandu ya ng'ombe zolowa m'munda wa eni ndi ya malire a madimba, mwabuka masiku ano mkangano wachilendo, umene ngakhale nduna zakale zija, zikanati zidzuke lero, sizikanadziwa poyambira kuuzenga. Eni mkanganowo ndiwo anyamata obwera ku Joni, aphunzitsi a m'masekondale oyendera, ndi amalonda othira nyimbo m'mafoni pamisika, amene apeza kompyuta ya patebulo naikamo pulogalamu yoyendetsa kompyuta yotchedwa Linux, ndipo tsopano afuna kudziwa kuti ndi khadi la zithunzi liti, ndi monita yotani, zimene munthu wanzeru ayenera kutayirapo ndalama imene waipeza ndi thukuta la mbatata, la kabichi, kapena la ntchito ya kwa eni.

Linux sanafike kuno mwangozi. Makompyuta ambiri amene amatipeza ndi a kaunjika, otsala m'maofesi a ku Ulaya ndi ku South Africa, monga a Dell OptiPlex ndi a HP; ndipo kuyambira pa 14 Okutobala 2025, pamene kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, eni makina oterewa anatsala pamphambano, pakuti Windows 11 amakana makina ambiri akale, makamaka opanda kachipangizo kotchedwa TPM 2.0. Koma Linux, amene Linus Torvalds anamuyamba ali wophunzira ku Helsinki mu 1991, ndipo amene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anamufewetsera anthu wamba potulutsa Ubuntu mu 2004, salipiritsa munthu, sanyoza makina okalamba, ndipo malemba ake onse ali poyera kuti aliyense wodziwa awerenge ndi kukonza.

Tsono khadi la zithunzi ndilo chiwalo chimene chimawerengera kadontho kalikonse kooneka pamonita, ndipo silingagwire ntchito popanda pulogalamu yolankhulitsa khadilo ndi kompyuta, imene amisiri amaitcha driver. Makampani opanga makhadi amene tingawapeze ndi atatu, NVIDIA, AMD ndi Intel. Awiri otsirizawa anavomera kuti driver wawo alembedwe poyera ndi kukhala m'kati mwa Linux mwenimweni. Koma NVIDIA, amene ndiye mwini msika, wakhala zaka zambiri akusunga wake ngati chinsinsi cha m'nyumba. Pamenepa ndipo pagona mlandu wonse.

Oyamba kulankhula ndi a mbali ya mphamvu, ndipo mawu awo si opepuka. Iwo amati: "Akuluakulu, ife sitinagule kompyuta kuti tipembedze nayo, tinaigula kuti idyetse ana." Mnyamata amene amajambula maukwati, zinkhoswe, makwaya a mipingo ndi magule a ngoma, nalonjeza eni mwambo kuti kanema wawo atuluka Loweruka, safuna kumva za ufulu wa malemba amene iye sangathe n'kuwawerenga komwe; chimene afuna ndicho makina omaliza ntchito dzuwa lisanalowe. Ndipo n'zoona kuti kuyambira pamene NVIDIA anatulutsa CUDA mu 2007, ndiyo njira yogwiritsira khadi ntchito zowerengera zolemera, olemba mapulogalamu ambiri a dziko lapansi anamanga nyumba zawo pamaziko amenewo, kotero kuti pulogalamu yopangira zithunzi yotchedwa Blender imathamanga kwambiri pamakhadi a NVIDIA, DaVinci Resolve wa pa Linux, wokonzera makanema, amamvana nawo koposa ena, ndipo wophunzira wa ku yunivesite amene afuna kuyesa nzeru zopangidwa za makompyuta apeza kuti pafupifupi malangizo onse amene awawerenge alembedwa ngati kuti padziko pali khadi la mtundu umodzi wokha. AMD ali nayo njira yake yofanana, yotchedwa ROCm, koma makhadi amene iyo imawavomereza ndi owerengeka, ndipo kuiika kumafuna mtima woleza.

Amapitiriza kunena kuti otsutsana nawo akuimba mlandu munthu amene analapa kale. Mu Meyi 2022, NVIDIA anatsegula gawo la driver wake limene limalowa mu kernel, ndiwo mtima wa Linux, pamakhadi a m'badwo wa GTX 16 ndi RTX 20 kudza m'tsogolo, ndipo mu 2024 gawo lotsegukalo linakhala loyamba kusankhidwa pamakhadi atsopano. M'chaka chomwecho anachiritsanso matenda akale a kuphethiraphethira kwa zithunzi pa Wayland, ndiyo njira yatsopano imene Linux amajambulira mazenera ake. Ubuntu ndi Linux Mint ali ndi pamalo pamene munthu amangodina, driver nadzilowera yekha. Nanga, iwo amafunsa, tikhalirenji ndi mkwiyo wa zaka zapitazo, titaye mphamvu imene ili pamaso pathu?

Apa a mbali ya ufulu amayankha modekha, ndipo ine ndiona kuti mawu awo ali ndi fungo la kwathu kuno koposa a anzawo, ngakhale kuti poyamba amamveka ngati a anthu okonda nzeru za m'mabuku. Iwo sayamba ndi chiphunzitso ayi. Amayamba ndi mtunda. Amati munthu wa ku Berlin kapena ku Johannesburg, makina ake akadzuka m'mawa ndi monita yakuda bii chifukwa kernel yasinthidwa usiku ndipo driver wa NVIDIA walephera kudzimanganso, amatenga laputopu ina, nafufuza yankho pa intaneti yosatha, nakonza asanamwe tiyi. Koma munthu wa kwa Champiti, zomwezo zikamugwera, ali ndi foni yokha ya bandulo yotsala pang'ono, netiweki yofuna kukwera pachulu, ndi mmisiri amene ali ku Boma, kapenanso ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kumene kupita ndi kompyuta pamiyendo m'minibasi kumadya phindu la sabata yathunthu. Driver wa AMD ndi wa Intel amadza pamodzi ndi Linux pa fulashi yomweyo imene waikira, amasinthidwa pamodzi ndi kernel ndi anthu omwewo, ndipo safuna kuti ukoke mamegabaiti mazanamazana pabandulo ya Airtel kapena ya TNM usanaone chithunzi choyenera. Chimene kwa ena chili nkhani ya chikumbumtima, kwa ife chili nkhani ya thiransipoti.

Mbiri nayo amaidziwa. AMD, atagula kampani ya makhadi ya ATI mu 2006, anayamba chaka chotsatira kupereka poyera mabuku ofotokoza za m'kati mwa makhadi ake, ndipo mu 2015 driver wotchedwa amdgpu analowa mu kernel; Intel ndiye wakhala akulipira amisiri ake kulemba poyera kwa nthawi yaitali; ndipo onse awiri amasonkha ntchito yawo mu Mesa, nkhokwe ya mapulogalamu a zithunzi imene Brian Paul anaiyamba mu 1993. Pamene kampani ya Valve inafuna kupanga kamakina kamasewera koyendera Linux, kotchedwa Steam Deck, kamene kanatuluka mu 2022, inasankha AMD. Koma NVIDIA, m'zaka zonsezo, anasiya anthu odzipereka kuti azifufuza okha mumdima m'mene makhadi ake amagwirira ntchito, anthuwo nalemba driver wawo wotchedwa nouveau. Ndipo mu 2012, pa Aalto University ku Finland, Torvalds mwini wake anadzudzula kampaniyo pagulu ndi mawu amene sayenera kubwerezedwa pamaso pa apongozi.

Koma mfundo yawo yolemera koposa, imene a mbali ya mphamvu sanaiyankhe mondikhutiritsa, ndi ya ukalamba. Ife sitigula makhadi atsopano; timalandira amene ena atopa nawo. Ndipo mwambo wa NVIDIA ndiwo wakuti khadi likafika zaka zakutizakuti, amalichotsa m'gulu la osamalidwa nalisiya ndi driver wotsiriza, monga 340, 390 kapena 470, amene pakapita nthawi amaleka kumvana ndi kernel yatsopano. Ndipo tsopano nambala 580 ndiyo yalengezedwa kukhala yotsiriza ya makhadi a GTX 900 ndi GTX 1000, omwe ndiwo adzaza m'masitolo a zakale. Kulapa kwa mu 2022 kuja sikuwakhudza makhadi amenewa. Choipitsitsa n'chakuti mwini khadi lotere sangathawire bwino kwa nouveau, pakuti m'mibadwo iwiriyi kampaniyo inatseka ndi chidindo chake mapulogalamu a m'kati olamulira liwiro ndi fani, kotero kuti khadi limene linali ngwazi limayenda ngati lodwala. Pomwe khadi la Radeon HD 5000, la mu 2009, likali kuyaka pa Linux wa lero popanda kupempha chilolezo kwa munthu. Chikomekome cha mkuyu, anatero akale, m'kati muli nyerere. Ndipo wogula GTX 1060 yotchipa lero ayenera kudziwa kuti wagula pamodzi ndi tsiku lake lomwalira.

Komatu tisawayeretse mopitirira a AMD ndi Intel, pakuti nawonso makhadi awo sayaka popanda timapulogalamu tina totsekeka timene kampani yokha ndiyo idziwa za m'kati mwake. Ufulu umene tikunenawu ngwapakatikati, si wangwiro. Ndiponso a mbali ya mphamvu ali ndi chilema chawo chimene sakonda kuchitchula: DaVinci Resolve waulere wa pa Linux satsegula makanema a H.264, omwe ndiwo amatuluka m'mafoni ndi m'makamera ambiri a kuno, kufikira utayamba wawasandutsa mtundu wina. Pamene Kdenlive ndi Shotcut, amene ali aulere ndi otseguka, amawatsegula pakhadi lililonse, ndipo pa kanema wa ukwati wa kumudzi ngokwana ndithu.

Mbali ziwirizi zikadatha kukangana kufikira nkhuku zitalowa, pakadapanda mboni yachitatu imene siitanidwa koma imafika yokha, ndiyo magetsi. Sitinaiwale Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana anawononga damu la ku Kapichira pamtsinje wa Shire nachotsa pafupifupi mamegawati 130, dziko lonse nkukhala m'kuzimazima kufikira m'chaka cha 2023; ndipo ngakhale pamene zonse zili bwino, nyumba zambiri za m'midzi yathu sizinaone waya wa ESCOM, koma zimadalira sola ya padenga, batire ndi inveta. Tiyeni tiwerengere. Batire ya mavoti 12 ndi ma-amp-hour 100 imasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 kwa ola limodzi, ndipo ngati ili ya mtovu, wofuna kuti ikhalitse sayenera kukama koposa theka lake. Khadi la RTX 3060 palokha limadya mawati 170, ndipo kompyuta yonse pamodzi ndi monita, pamene ikugwira ntchito yolemera, imayandikira 300. Ndiko kunena kuti batireyo yatha m'maola awiri. Pano AMD sapulumuka ayi, pakuti RX 580, imene inasefukira m'misika pamene okumba ndalama za Ethereum analeka kugwiritsa ntchito makhadi mu Seputembala 2022, imadya mawati 185, ndipo zambiri mwa izo zinafika zitatopa kale ndi kuyaka usana ndi usiku. Koma kakompyuta ka muofesi kopanda khadi lapadera, kodalira zithunzi za Intel zimene zili kale m'kati mwa purosesa, pamodzi ndi monita yake, kamakhoza kukhala pafupi ndi mawati 60, ndipo batire yomweyo ikasunga kuyambira m'mawa kufikira madzulo.

Palinso china chimene ogula amachizindikira atafika kale kunyumba. Makompyuta ang'onoang'ono a muofesi aja ali ndi bokosi lopapatiza, ndi chogawa magetsi cha mawati osapitirira 250 kawirikawiri, chopanda chingwe chapadera chodyetsera khadi lalikulu; ndipo pobowola pake pamene khadi limalowa pamapereka mawati 75 okha. Chotero mnyamata amene wanyamula khadi la mafani awiri kuchokera ku Joni apeza kuti silikwana m'bokosi, ndipo likadakwana silikadayaka. Oyenera makina otere ndi makhadi aafupi, monga RX 6400 imene imadya mawati 53, kapena kusaika khadi konse. Ndipo popeza kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kulakwitsa kotere sikulinso kwa masewera.

Amene aganiza kuti kudzichepetsa kotere nkwa anthu osadziwa zinthu akumbukire zimene zinachitika pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe kuyambira mu 2001, pamene Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anatenga timakina totchipa totchedwa I-Opener, timene ku America tinali titalephera malonda, natiika galasi lomvera chala, natiyendetsa ndi Linux, natidyetsa magetsi ochokera m'mabatire kuti ntchito isaime magetsi akazima. Ndipo pa timakina tonyozekato panalembedwa odwala ochuluka, ntchitoyo nifalikira ku zipatala zina za m'dziko muno, makamaka pa chisamaliro cha olandira ma ARV. Amisiri amenewo anayamba afunsa za magetsi, za fumbi ndi za wokonza, ndipo za mphamvu anazifunsa pambuyo.

Tifike tsono pa monita, pamene mkangano umasintha nkhope, abale amene anali mbali imodzi nagawikana. Ena amati kugula monita nkutaya ndalama, popeza TV ya mainchesi 32 ili nako kale kolowetsa HDMI, ndipo masana ikhala ya ntchito, madzulo nikhala yoonetsera mpira ndi mafilimu kwa olipira pakhomo. Mfundoyi ili ndi nzeru ya pamsika, ndipo sindiinyoza. Koma TV zambiri zotchipa za msinkhu umenewo zili ndi timadontho 1366 m'litali ndi 768 m'lifupi basi, ndipo timadontho towerengeka chotero tikamwazika pagalasi lalikulu, malemba amaoneka ngati olembedwa ndi makala. Zina zimadula m'mphepete mwa chithunzi, zina zimakometsera mitundu mwa kufuna kwawo, kotero kuti wokonza kanema aona diresi la mkwatibwi lili loyera kwa iye, koma likafika pafoni ya mwini lili lotuwa. Mphunzitsi amene alemba mayeso usiku wonse, ndi mlembi wa mpingo kapena wa kalabu ya alimi amene awerengera ndalama za anthu, adzalipira ndi maso awo chimene anapulumutsa m'thumba. Khadi limakalamba ndi kusinthidwa, koma monita yabwino imaona makompyuta awiri kapena atatu akubwera ndi kupita. N'chifukwa chake ine ndikadakhala ndi ndalama yokwana chimodzi chokha, ndikadagula monita ya mainchesi 22 kapena 24, ya timadontho 1920 ndi 1080, ya galasi la mtundu wa IPS limene silisintha mitundu munthu akaliyang'ana cham'mbali, khadi nkudikira chaka china.

Za 4K, ndiyo ya timadontho tochuluka kwambiri, ndingonena mwachidule kuti pamonita yaing'ono imachepetsa malemba kufikira ufune kuwakulitsa, ndipo kukulitsa kwa theka kukali kuvutitsa mapulogalamu ena akale pa Linux. Imalemetsanso khadi ndi batire popanda phindu looneka kwa wolemba makalata.

Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi kumbuyo kwa monita, kumene ogula ambiri sayang'ana. Mamonita a kaunjika ochuluka ali ndi VGA yokha, polowetsa pabuluu paja pamene IBM anapayambitsa mu 1987, pomwe makhadi a masiku ano anasiya kalekale kutulutsa chithunzi cha mtundu umenewo. Pafunika tsono kachipangizo kosandutsa, ndipo totchipa tambiri timalephera kuuza kompyuta msinkhu weniweni wa monita, Linux nangoonetsa chithunzi chofutukuka cha 1024 ndi 768, mwini nkumatukwana Linux pamene wolakwa ndi kachingwe. Pakati pa HDMI ndi DisplayPort, wokonda zotseguka asankhe DisplayPort kumene ingapezeke, pakuti mu 2024 bungwe la HDMI Forum linakaniza AMD kuika HDMI 2.1 mu driver wake wotseguka. Ngakhale kunena zoona, chiletso chimenechi chimapweteka eni ma TV akuluakulu othamanga, ndipo pamonita wamba ya 1080 palibe chimene chimasowa. Ndipo wa sola afunefune monita imene magetsi ake amadzera m'kabokosi ka kunja ka mavoti 12, pakuti yotero mmisiri wodziwa akhoza kuilumikiza ku batire kudzera m'kachipangizo kosunga mavoti pamlingo umodzi, osadzera mu inveta imene imadyako gawo lake panjira.

Kodi tsono a mbali ya mphamvu agonja? Osati onse. Alipo mmodzi kapena awiri m'dera lonse, amene ntchito yawo ndi Blender kapena maphunziro ofuna CUDA, amene ali pamzere wa ESCOM, ali ndi chotetezera makina ku magetsi obwera mwaukali ndi ku ziphaliwali za m'dzinja, ndipo saopa kulemba malamulo pagalasi lakuda pamene zithunzi zakana kuyaka. Wakwatira kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo otere agule NVIDIA, koma ya m'badwo wa GTX 16 kapena RTX 20 kudza m'tsogolo, imene gawo lotseguka lija limaifikira. Koma sindivomera kuti chosowa cha awiriwa chikhale muyeso wa sukulu, wa ofesi ya mpingo, ndi wa mnyamata wothira nyimbo pamsika, amene ambiri a iwo Intel wa m'kati mwa purosesa awakwanira, ndipo akafuna kuonjezera, khadi laling'ono la AMD liwatumikira osawatumiza ku Boma.

Pomwe mbali zonse ziwiri zimagwirizana, ngakhale monyinyirika, ndi pa kagulidwe. Linux ali ndi mwayi umene Windows sapereka mosavuta, wakuti amayaka kuchokera pa fulashi popanda kukhudza kanthu m'kompyuta ya wogulitsa. Wopita kukagula ku Limbe kapena ku Lilongwe anyamule fulashi yoteroyo m'thumba, apemphe mwaulemu kuti khadi ndi monita zilumikizidwe pomwepo, ayatse, aone ngati msinkhu wa chithunzi wadziwika wokha, aonetse tsamba loyera ndi lakuda kuti timadontho takufa tionekere, aseweretse kanema kwa mphindi khumi akumvetsera kulira kwa fani ndi kukhudza kutentha kwa bokosi. Khadi la NVIDIA pamayeso otere kawirikawiri liyaka ndi nouveau yekha, motero liwiro lake lenileni silioneka pomwepo. Wogulayo afunse nambala ya khadilo, aone pafoni ngati likali m'gulu la osamalidwa, ndipo apangane ndi mwini sitolo, pamaso pa mboni, za masiku obwezera katundu akakanika kunyumba.